Musanaikweze galimoto yanu yakale, yambani mwasuzumira kunsi kwake

A Mkonzi,

Ndikuthokoza pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa mchitidwe umene wayamba kufala muno mu Lilongwe, wogula galimoto zakale zokoka ndi mawilo onse anayi, monga Prado, Pajero, Hilux Surf kapena Land Cruiser, n'kuzikweza m'mwamba, kuziveka matayala akuluakulu a mano ndi zitsulo kutsogolo, ati pozikonzekeretsa njira zovuta za kutchire. Loweruka m'mawa mumaziona zikutuluka m'tauni zitandondozana, zina zitasenza jeke, zigubu ndi tayala la sipeyala padenga ngati zikukawoloka chipululu, chonsecho ulendo wake ndi wa ku Dzalanyama, mtunda wa makilomita pafupifupi 60 okha.

Mchitidwewu sindikuutsutsa ayi. Dziko lathu lili ndi malo okongola ambiri kumene phula silinafike, ndipo munthu amene wakhetsa thukuta sabata yathunthu n'koyenera kuti akapumeko mpweya wa ku Ntchisi kapena ku Nyika. Galimoto zakalezinso n'zoyeneradi ntchito imeneyi, chifukwa zili ndi chesisi yolimba, giya yaing'ono yokwerera zitunda, ndiponso injini zoti makaniko wa ku Biwi akhoza kuzimasula ndi masipanala wamba. Chimene chandigwiritsa cholembera n'chakuti ambiri akuyambira kumapeto, pothira ndalama zawo pa zinthu zooneka ndi maso, pamene ziwalo zimene zimabweza munthu kunyumba ali wamoyo akuzisiya mmene zinachokera ku Japan zaka zoposa 20 zapitazo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, kuti wina asati ndikungoloza anzanga chala. Ndinagwira ntchito ya udalaivala kwa zaka zambiri m'midzi ya ku Dowa, Ntchisi, Mchinji ndi Kasungu, ndipo nditapuma ndinagula Prado ya 1998 ya injini ya dizilo ya malita 3, imene amakaniko amaitchula kuti 1KZ. Ngakhale ndinali ndi luso lonselo, chinthu choyamba chimene ndinagula chinali matayala aakulu, chifukwa ndinkafuna kuti anzanga a kutchalitchi aone kuti mkulu uja sanapume chabe. Mu Okutobala wa chaka chomwecho, dzuwa likuswa mtengo, ndinanyamula banja kupita ku nkhalango ya Ntchisi. Tili pakati pa chitunda ndinaona kamuvi ka kutentha kwa injini katadutsa pakati, koma ndinadzinamiza kuti pamwamba payandikira. Posakhalitsa m'galimoto munamveka fungo la madzi owira, mphamvu inatha, ndipo nditatsegula boneti nthunzi inandilandira kumaso. Tinakhala pamthunzi wa msuku maola atatu, ana akudya kamba amene tinati tikadyere kunkhalango, ndipo mayi a kunyumba anangondifunsa mofatsa kuti, "Bambo, kodi matayala odula aja sangatikankheko pang'ono?" Hedi ya injini inali itang'aluka. Titamasula rediyeta tinapeza kuti theka la timapaipi take linali litatsekeka ndi dzimbiri, chifukwa galimotoyo inakhala ikumwa madzi a pampopi kwa nthawi yaitali.

Aliyense amene anagwirapo injini ya 1KZ adzakuuzani kuti ndi yolimba, koma siikhululuka ikatenthedwa. N'chifukwa chake ndikunena kuti ndalama yoyamba ipite ku rediyeta, ku mapaipi a madzi amene alimba kapena kufufuma, ku pampu ya madzi, ndi ku kachipangizo kamene kamagwiritsa fani injini ikatentha, poti kakatha fani imangozungulira mwaulesi ngakhale maso akuona ngati zonse zili bwino. Pali chizolowezi china chochotsa thermostat, kavavu kamene kamatsegula njira ya madzi opita ku rediyeta injini ikatentha, n'kuitaya, ati dziko lathu n'lotentha; kumeneko n'kubisa matenda, ndipo injini imene ikuyenda yozizira mopitirira imadya mafuta ambiri ndi kutha msanga. Lamba wa timing pa injini imeneyi amasinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, ndipo popeza galimoto yobwera kudzera ku Dar es Salaam kawirikawiri imafika yopanda buku la mbiri yake, nzeru ndi kungomusintha osadikira, chifukwa akaduka injini ikuyenda mavavu amawombana ndi mapisitoni. Pa Prado ndi Surf za zaka zimenezi palinso ma ball joint a m'munsi, mfundo zachitsulo zogwirizira tayala lakutsogolo, amene akatha tayala lakutsogolo limapindikira pansi pa galimoto mosachenjeza. Onjezanipo mabuleki, mabushi, mabering'i a mawilo, ndi kugogoda chesisi ndi hamala kuti mumve ngati dzimbiri silinaidye m'kati. Zonsezi palibe amene adzakuyamikireni pamalo oimika galimoto, koma ndizo zoyamba.

Tsopano ndifike pa nkhani ya kukweza, imene ndi mtima wa kalata yanga. Anthu ambiri amaganiza kuti akaikweza galimoto ndiye kuti yatalikirana ndi miyala paliponse, koma sizili choncho. Masipuling'i aatali amakweza thupi ndi chesisi, pamene difu ya kumbuyo, chimpira chachitsulo chija chili pakati pa mawilo, imatsala pomwe inali chifukwa imakhala pa ekiselo imene yagwira matayala. Njira zathu zambiri za kumudzi zimakhala ndi mikwasa iwiri yakuya ya mawilo ndi kamtunda pakati, ndipo chimene chimayamba kukhula pa kamtundako ndi difu imeneyi. Kukweza ndi mamilimita 50, pogwiritsa ntchito masipuling'i ndi mashoko opangidwira galimoto yomweyo, kumathandiza ndithu, makamaka poti masipuling'i a zaka 25 amakhala atafooka kale. Koma mukapyola pamenepo pa galimoto monga Prado, Surf kapena Pajero, zimene mawilo ake akutsogolo amayenda lililonse palokha, ma CV joint, mfundo zopititsa mphamvu ya injini ku mawilo akutsogolowo, amayamba kugwira ntchito atapindika kwambiri, mphira zake zimang'ambika, fumbi limalowa, ndipo tsiku lina mudzamva kuti khwatha muli pakati pa matope. Mapaipi a mabuleki nawo amafupika, ndipo pa galimoto zimene zili ndi vavu yogawa mphamvu ya mabuleki akumbuyo molingana ndi kulemera kwa katundu, vavuyo imayenera kuchunidwanso, apo ayi imaona ngati galimoto ilibe katundu n'kumachepetsa mphamvu kumbuyo. Choopsa kuposa zonse ndi zidutswa za zitsulo zimene ena akuwotcherera pansi pa masipuling'i kuti asagule zenizeni. Ndinaionapo galimoto yotere ili pa jeke, ndipo ndinadzifunsa ngati mwini wake amanyamulamo ana ake.

Galimoto yaitali imagudubuzikanso msanga, ndipo zimenezi zimanyanya mukasanjika katundu wolemera pa kaliyala wa padenga. Amene anakwerapo msewu wa Golodi wochoka ku Chitimba kupita ku Livingstonia, wa makona akuthwa pafupifupi 20 aja, akudziwa mmene galimoto imapendekera pokhota, phompho lili pambali. Zigubu za mafuta ndi madzi zizikhala pansi, m'kati mwa galimoto, zitamangidwa bwino.

Chimene chimakwezadi difu ndi matayala, komabe apanso tiyeni tiwerengetse. Prado zambiri za nthawi imeneyo zinabwera ndi matayala a 265/70R16, amene kutalika kwake ndi mamilimita pafupifupi 777. Amene anyamata akuwakonda masiku ano a 285/75R16 ndi a mamilimita pafupifupi 834. Kusiyana kwake ndi mamilimita 57, koma difu imangokwera ndi theka lake, osafika n'komwe masentimita atatu. Pofuna masentimita atatu amenewo, injini imalemedwa ponyamuka ndi pokwera chitunda, mabuleki amavutika kuimitsa, tayala limakhula m'mbali mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, ndipo kamuvi ka liwiro kamayamba kunama, moti kakamaloza 80 inu mukuthamanga pafupifupi 86, zimene mudzazidziwe bwino apolisi apamsewu akakuimitsani. Mafuta nawo amapita ambiri, ndipo tonse tikukumbukira mizere ya pamalo omwetsera mafuta imene takhala tikugonapo m'zaka zapitazi. Chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tayala limodzi lotere ndi ndalama yoti munthu akhale pansi n'kuganiza kawiri. Ine ndinabwerera ku saizi yoyamba, koma ya mtundu wa AT, wa m'mbali molimba, woyenda paphula ndi pafumbi pomwe. Matayala a matope enieni amalira ngati ndege pa M1 ndipo sagwira bwino phula likanyowa, pamene ulendo uliwonse wa kutchire umayamba ndi kuthera paphula. Ganiziraninso kuti tayala likang'ambika muli ku Chelinda ku Nyika, saizi yachilendo simudzaipeza msanga pa boma la Rumphi.

Chodabwitsa n'chakuti chida chimene chimathandiza kwambiri ndi chotchipa kuposa zonsezi: kapampu kolumikiza ku batire ndi geji yoyezera mpweya. Mukaphwetsako matayala kuchoka pa 2.2 bar pa gejiyo kufika cha m'ma 1.5 pamchenga kapena pamatope, tayala limatambasuka n'kugwira nthaka yaikulu, ndipo galimoto wamba imadutsa pamene yokwezedwa ya matayala olimba gwa ikungokumba dzenje. Mukabwerera paphula muwapopenso, chifukwa tayala lophwa likathamanga limatentha n'kuphulika. Momwemonso loko ya difu yapakati, kapena giya ya mawilo anayi pa galimoto zimene zilibe difu yapakati, si yoyendera paphula louma.

Za chipaipi chokwera m'mbali mwa galasi chija, chimene amati snorkel, ndinenepo pang'ono. Ntchito yake yaikulu kuno kwathu ndi kukoka mpweya wa m'mwamba wopanda fumbi lambiri m'miyezi ya chilimwe, ndipo chimatetezadi injini kuti isamwe madzi ngati chamatidwa bwino polumikizira ponse. Koma sichisandutsa galimoto kukhala bwato. Difu ndi giyabokosi zili ndi timabowo topumira, ndipo chitsulo chotentha chikalowa m'madzi ozizira chimakoka madziwo n'kuwasakaniza ndi oyilo, amene amasanduka ngati tiyi wamkaka. Kulumikiza timapaipi pa timabowoto n'kutikweza mpaka mu boneti ndi ntchito ya tsiku limodzi ya ndalama zochepa, koma ndi ochepa amene amaichita. Ndipo mtsinje wodzaza wa mu Febuluwale, umene simungathe kuuwoloka ndi miyendo madzi osakukokolani, musauyese ndi galimoto ngakhale chipaipi chitafika padenga.

Walira mvula walira matope, choncho wopita kutchire adziwiretu kuti tsiku lina adzatitimira. Chimene chimandiopsa ndi kakokedwe kake. Ndinaona ndi maso anga kudambo lina kupitirira Malingunde anyamata atakoleka lamba pa kampira kachitsulo kokokera ngolo kumbuyo kwa galimoto, wina n'kubwerera m'mbuyo kuti athamange ndi kutswanyula mwamphamvu, ana a m'mudzi ataunjikana pafupi kuonerera. Ndinatsika n'kuwapempha kuti aime kaye. Kampira kameneko sikanapangidwire mphamvu yotero, ndipo kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo. M'mayiko ena kaphapo anthu. Pamafunika ngowe zokokera zomangidwa ku chesisi ndi mabawuti olimba, kutsogolo ndi kumbuyo, ndiponso anthu onse atalikire. Tsiku limenelo tinaitulutsa galimotoyo ndi khasu lobwereka, jeke, thabwa ndi nthambi, titaphwetsa matayala. Winchi, makina a chingwe odzikokera galimoto ikatitimira, ndi yabwino kwa amene angaikwanitse, bola ikhale ya mphamvu yoposa kulemera kwa galimoto yodzaza ndi theka lina pamwamba, koma pamodzi ndi chitsulo chake chakutsogolo imalemetsa mphuno ya galimoto, ndipo m'madambo mwathu ambiri mulibe mtengo woti muikolekepo.

Pali mbali inanso imene eni galimotozi sayenera kuiiwala. Njira zimene ife timazitcha zosewerera ndi misewu ya anthu. Ndi momwe mumadutsa ngolo zonyamula chimanga, akabaza, ana a sukulu, ndi ambulansi yokatenga mayi wodwala usiku. Galimoto zisanu za matayala a mano zikapikisana pamsewu wonyowa Loweruka limodzi, zimasiya mikwasa imene madzi amaisandutsa ngalande, ndipo otsala nayo ndi eni mudzi amene adzaikwirire ndi makasu. Ena akaona matope amapatukira m'munda mwa munthu n'kuponda mizere. Ku Dzalanyama nkhaniyi ndi yaikulu koposa, poti kumeneko ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu omwe tonse mumzinda muno timamwa, ndipo nkhalangoyo yavulala kale mokwanira ndi nkhwangwa za ootcha makala. Kutsegula njira zatsopano m'malo otsetsereka n'kuwonjezera dothi lokokolokera m'madzi athu omwe. Magetsi owala kwambiri a padenga aja nawonso azizimitsidwa pamsewu wa anthu onse, chifukwa amathobwa m'maso woyendetsa njinga amene akubwera kutsogolo.

Pempho langa kwa a nthambi ya Road Traffic ndi lakuti afalitse m'Chichewa chomveka, pawailesi ndi m'nyuzipepala ngati ino, malire a zimene munthu angasinthe pa galimoto popanda kuika ena pachiswe, kuti mwini galimoto ndi makaniko wake azidziwiretu asanapite kokayezetsa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Eni galimoto nawo azidziwitsa kampani yawo ya inshuwalansi za zimene asintha, kuopa kudzakangana ngozi itachitika kale. Kwa magulu a achinyamata amene amayenda limodzi Loweruka, ndikupempha kuti asananyamuke azipatula theka la ola loyang'anirana kunsi kwa galimoto, ndipo mvula ikagwa usiku wonse azisintha tsiku. Prado yanga ilipobe, yokwezedwa ndi mamilimita 50 okha, ndipo mwezi wa Juni ukubwerawu ndikufuna kukafikanso nayo ku Ntchisi, pachitunda chomwe chija.

Ine wanu,
Dalaivala wopuma pantchito,
Area 25, Lilongwe