Kalata yotseguka kwa Meya wa London: tithandizeni kulowa m'nyumba zakale za kanema zomwe zinasanduka matchalitchi

Olemekezeka a Meya, Sir Sadiq Khan,

Inu munakulira ku Tooting ndipo munakhala phungu wa deralo kuyambira 2005 mpaka 2016, choncho nyumba ya Granada ya pa Mitcham Road mumaidziwa kuposa ine. Inatsegulidwa mu 1931 kuti anthu azioneramo kanema, kenako inasanduka malo osewerera bingo, juga ya manambala. Ndayambira pamenepo kuti mudziwe mtundu wa nyumba zomwe ndikunena. Zinzake zilipo zambiri mumzinda muno, ndipo zingapo mwa zokongola zedi lero ndi matchalitchi. Pempho langa ndi lakuti ofesi yanu ithandize kuti munthu wamba azitha kulowamo ndi kuziona popanda kunamizira kuti wabwera kudzapemphera.

Kalatayi ndalemba m'Chichewa mwadala. Mumzinda wa zilankhulo zambirimbiri ngati uno womasulira sangasowe, komanso ndikufuna abale anga amene amapemphera m'nyumba zimenezi Lamulungu lililonse aimve, pakuti nkhaniyi ikuwakhudza iwonso.

Tiyambe ndi ya pa Seven Sisters Road ku Finsbury Park. Inatsegulidwa mu 1930 ndi dzina lakuti Astoria, ndipo mapulani ake anajambula ndi Edward A. Stone. Kunja kwake sikukopa kwenikweni, ndipo anthu ambiri okwera basi amangoidutsa. Koma ukalowa, pakati pa chipinda cholandirira alendo pali kasupe wa madzi wozingidwa ndi zipilala, mamangidwe ake ngati a Aluya a ku Spain wakale. Mu holo yeniyeniyo, yomwe inkalowa anthu pafupifupi 3,000, anamangamo mudzi wathunthu m'mbali mwa makoma: tinyumba ta madenga a matailosi, timakonde, timawindo tokhala ndi zitsulo zopotapota, ndipo pamwamba pa zonsezo denga lopakidwa utoto ngati thambo la usiku, lokhala ndi timagetsi ta nyenyezi. Munthu wosauka wa kumpoto kwa London ankalipira tindalama tochepa n'kukhala maola atatu ngati ali kunja ku Andalusia, kummwera kwa Spain. Pa nsanja ya oimba ya m'holo imeneyi ndi pomwe Jimi Hendrix anayatsa gitala lake pa 31 Malichi 1967. Itasintha dzina kukhala Rainbow mu 1971, Bob Marley anaimbamo mu June 1977. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 inatsekedwa, n'kukhala bwinja zaka zoposa khumi, kufikira mu 1995 pamene mpingo wa Universal Church of the Kingdom of God, womwe unayambira ku Rio de Janeiro mu 1977 ndipo kwathu ku Malawi uliko, unaitenga n'kuikonza.

Ku Kilburn High Road kuli Gaumont State ya mu 1937, ya mipando 4,004, yokhala ndi nsanja yaitali yotengera Empire State Building ya ku New York, komanso limba lalikulu la Wurlitzer. Bingo itatha mu 2007 anagula ndi a mpingo wa Ruach. Ku Woolwich ziliko ziwiri zoyang'anizana, zonse za mu 1937. Odeon yakale ndi ya mpingo wa New Wine, pamene Granada yakale ndi ya Christ Faith Tabernacle. Ya Granada imandiseketsa pang'ono. Mkati mwake anakongoletsa ndi Theodore Komisarjevsky, yemweyo amene anakongoletsa ya kwanu ku Tooting, ndipo iye anafuna kuti nyumba ya kanema ioneke ngati tchalitchi chachikulu chamakedzana, zipata zosongoka pamwamba, golide paliponse. Patapita zaka zoposa 70 inakhaladi tchalitchi. Amene anabweretsamo guwa sanavutike kufuna poliika.

Kuti nyumba zimenezi zigwere m'manja mwa mipingo sizinachitike mwangozi. Wailesi yakanema italowa m'makomo a anthu m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, maholo akuluakuluwa anayamba kusowa anthu. Bingo inawasunga kwa nthawi, koma nayo inafooka, makamaka lamulo loletsa kusuta fodya m'nyumba zosonkhanamo anthu litayamba kugwira ntchito mu July 2007. Pamwamba pa izo, nyumbazi ndi zotetezedwa ndi lamulo. Rainbow, Gaumont State ndi Granada ya ku Woolwich zili m'gulu la Grade II*, kutanthauza kuti sungagwetse khoma kapena kugawa holoyo kukhala mafulati popanda chilolezo chomwe n'chovuta kuchipeza. Wamalonda akamva zimenezo amabwerera. Nanga ndani winanso amene amafuna mipando zikwi zitatu yoyang'ana kutsogolo kumodzi, denga lalitali, ndi malo oti mawu azimveka mpaka kumpando wotsiriza? Ndi mpingo basi. Ambiri mwa anthu amene anasonkha ndalama zogulira ndi kukonzera nyumbazi ndi obwera: a ku Nigeria, Ghana, Brazil, zilumba za Caribbean, ndi ife a kummwera kwa Africa. Anamwino ogwira usiku, oyendetsa mabasi ngati malemu bambo anu, osamalira okalamba, oyeretsa maofesi mbandakucha. Chakhumi chawo ndicho chinatseka madenga odontha. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ndimadandaula kuti nkhani za nyumbazi zikamalembedwa, mipingo imatchulidwa ngati yolanda, pamene nthawi yomwe zinkaola ndi chinyezi panalibe pamzere wa ogula.

Koma sindikufuna kuwasambitsa a mipingo ngati alibe banga. Ku Walthamstow, Granada ya pa Hoe Street inatsekedwa mu 2003 itagulidwa ndi Universal Church. Khonsolo ya Waltham Forest inakana kuti isanduke tchalitchi, anthu a m'deralo ankafuna kanema wawo, ndipo nyumbayo inakhala chitsekere zaka zoposa khumi mbali ziwirizi zikukokanakokana. Mpingo unadzaigulitsa, khonsolo inaigula mu 2019, ndipo mu 2025 inatsegulidwanso monga Soho Theatre Walthamstow. Zinatha bwino, koma ndalama zokonzera zinakwera chifukwa cha zaka zomwe inangokhala. Palibe amene anapindula ndi loko uja.

Vuto lomwe ndikulilira lero ndi laling'ono kuposa limenelo, koma limachitika tsiku ndi tsiku. Ukafuna kuona imodzi mwa nyumbazi, njira yodalirika ndi kupita pa nthawi ya mapemphero. Ndinachitapo zimenezi pa tchalitchi china chomwe sinditchula. Olandira alendo, ovala bwino ndi aulemu ndithu, anandiperekeza kumpando wapafupi ndi kutsogolo n'kundipatsa envelopu ya chopereka ndi kapepala kolembapo dzina ndi nambala ya foni. Khosi langa linali m'mwamba kuyang'ana maluwa osema pa denga, mayi wa pambali panga n'kumandigwira phewa poganiza kuti Mzimu wandifikira. Kenako mlaliki anati alendo onse aimirire tiwaombere m'manja. Nditatulutsa foni kuti ndijambule khonde la m'mwamba, mnyamata wina anandinong'oneza kuti sizololedwa. Sindikumuimba mlandu, pakuti anthu akupemphera sayenera kujambulidwa ngati nyama za kumalo osungirako zachilengedwe. Komabe ine ndine Mkhristu, nyimbo zija ndimazidziwa, ndinapirira. Nanga Msilamu wa ku Finsbury Park, Myuda wa ku Golders Green komwe nyumba ya zisudzo ya Hippodrome ya mu 1913 ili m'manja mwa mpingo wa Hillsong, kapena gogo wachizungu amene anakumana ndi mkazi wake pa mipando imeneyo mu 1958? Achite kulapa kuti aone denga?

Tsiku la pakati pa sabata ukapita, nthawi zambiri umapeza chitseko chotseka kapena mlonda amene alibe mphamvu yokulowetsa. Mipingo nayo ili ndi zifukwa zomveka. Kuyatsa magetsi ndi kutenthetsa holo ya mipando zikwi zinayi chifukwa cha alendo khumi ndi ndalama zambiri. Pamafunika inshulansi, alonda, ndi munthu wodziwa mbiri ya nyumbayo, pamene abusa ambiri sadziwa ngakhale dzina la amene anaijambula. Ena amaopanso kuti mlendo woyang'ana ming'alu ndi kazitape wa khonsolo.

Apa ndi pomwe pakufunika inu, bwana. Nyumbazi zamwazikana m'makhonsolo osiyanasiyana: Rainbow ili ku Islington, Gaumont State ku Brent, za ku Woolwich ku Greenwich. Khonsolo iliyonse imangoona yake, ndipo amene angaone zonse pamodzi ndi ofesi yanu. Muli kale ndi anthu oyang'anira malo a chikhalidwe amene ali pachiopsezo. Aitaneni eni nyumbazi, pamodzi ndi a Cinema Theatre Association amene akhala akulemba mbiri ya maholo amenewa kuyambira 1967, a Theatres Trust oteteza nyumba za zisudzo, ndi a Open City amene amakonza chikondwerero cha Open House mwezi wa Seputembala, pomwe nyumba zosiyanasiyana zimatsegulidwa kuti anthu azione. Kutsegula kamodzi pachaka ndi chiyambi chabwino koma n'kochepa, chifukwa amene ali pa shifiti sabata imeneyo adikire chaka chamawa. Tsiku limodzi pamwezi, maola awiri kapena atatu, lodziwika bwino ndi lolembedwa pa intaneti, lingakwane. Pasakhale ulaliki, pasakhale envelopu, koma pakhale mbale pakhomo yoti wofuna aponyemo ya utoto.

Ndalama zothandizira magetsi ndi alonda pa masiku amenewo sizingagwetse thumba la mzinda. Ndipo ndalama ya boma ikamalowa pokonza denga la nyumba yotere, pangano likhale lakuti anthu aziloledwa kudzaiona. Achinyamata a m'mipingo momwemo, ana athu obadwira kuno, aphunzitsidwe kuonetsa alendo. Ambiri a iwo amaimba kwaya pa nsanja yomwe Marley anaimapo osadziwa. Popeza ndinu wapampando wa Transport for London, bungwe loyendetsa mabasi ndi masitima a mumzinda muno, chikwangwani chimodzi pa siteshoni ya Finsbury Park kapena Woolwich Arsenal chonena zomwe zili kuseri kwa makoma aja sichingakuvuteni.

Kwa abusa amene awerenge kalatayi a Meya asanaiwerenge: ofesi yawo ikakuitanani, pitani, ndipo mutenge makiyi a khonde la m'mwamba.

Ine wanu mwaulemu,
Mmalawi wokhala ku South East London