Chitsamba chomwe chalanda nkhalango zathu kuno ku Ohio

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwino, kungoti chisanu chayamba kuluma. Munafunsa chomwe chimanditangwanitsa Loweruka lililonse mpaka foni osayankha. Ndili pa ntchito yozula chitsamba china m'kankhalango ka kuseri kwa nyumba yathu.

Dzina lake ndi Amur honeysuckle. Kwawo ndi ku China, Korea ndi kum'mawa kwa Russia, ndipo chinabwera ku America m'zaka za m'ma 1890 ngati chokongoletsa pakhomo. Kuyambira m'ma 1960 mpaka 1984 nthambi ya boma yosamalira nthaka inkalimbikitsa anthu kuchidzala, ati chiteteze nthaka kukokoloka ndi kudyetsa mbalame. Boma la chigawo chathu chino cha Ohio linadzaletsa kuchigulitsa mu 2018, chitamwazika kale m'nkhalango, m'mbali mwa misewu ndi m'malire a minda. Kumbukirani momwe lantana anachokera pa mpanda wa maluwa n'kudzadza madambo ndi malo odyetsera ng'ombe kwathuko, ndiye mwayimva nkhani yake.

Chimandiwawa kwambiri ndi momwe chimaphera nkhalango mwakachetechete. Chisanu chikangotha chimaphuka masamba mitengo ina isanadzuke, ndipo chimakhala nawo mpaka Novembala, ina yonse itayoyola. Chimatalika kupitirira munthu, nthawi zina mpaka mamita 5, nthambi zitapiringizana. Mukakwawira pansi pake mupeza dothi lokhalokha. Palibe udzu, palibe maluwa a m'thengo, palibe kamtengo ka oak kapena maple koti kadzalowe m'malo mitengo ikuluikulu ikadzagwa. Odutsa pamsewu amati nkhalango ndi yobiriwira bwino, osadziwa kuti yasiya kubereka. Mbalame zimadya tizipatso take tofiira n'kukataya njere kutali, chonsecho tizipatsoto tilibe mafuta okwanira mbalame zomwe zili ndi ulendo wautali wopita kum'mwera. Agwape a kuno nawo amakonda kubisala m'zitsambamo, ndipo ofufuza m'chigawo cha Missouri konkuno ku America anapeza kuti nkhupakupa zofalitsa matenda kwa anthu zimachuluka m'malo otere.

Nyengo yabwino yogwira ntchitoyi ndi inoyi, chifukwa pafupifupi chilichonse chobiriwira pansi pa mitengo pano chimakhala chomwecho basi. Ndikakayika ndimathyola kanthambi, pakuti ka honeysuckle wachilendoyu kamakhala ndi kabowo pakati. Tating'onoting'ono ndimazula ndi manja mvula ikagwa, mizu yake sipita pansi kwenikweni. Zikuluzikulu ndi zomwe zimafuna nzeru. Mukangodula n'kuchoka, chaka chamawa chitsa chimodzi chimatulutsa mphukira zambirimbiri kuposa poyamba. Choncho ndimadula ndi sowo pafupi ndi nthaka, nthawi yomweyo n'kupaka pachitsa mankhwala ophera zomera a glyphosate amphamvu pafupifupi 20 peresenti, chitsacho chisanaume. Ndimathiramo utoto wabuluu kuti ndizidziwa pomwe ndapaka kale. Ndimavala magolovesi, ndipo ndimapaka ndi kaburashi m'malo mopopera, kuopa kupha zomera zomwe ndikufuna kupulumutsa. Mankhwala sindiwakonda, achimwene, mukudziwa. Koma chitsa chachikulu ngati ntchafu sindingachizule ndi khasu, ndipo kadontho ka pachitsa ndikuona kuti n'kabwino kusiyana ndi kutaya nkhalango yonse.

Pomwe ndinalambula chaka chatha, dzuwa litangofika pansi panamera tiana ta honeysuckle tambirimbiri. Ndinagwada n'kumazula kamodzikamodzi. Pakati pa timeneti ndinapeza timitengo ta oak tiwiri, masamba ake osaposa chala, ndipo ndinatitchingira ndi waya kuti agwape asadye. Ndadzalanso spicebush, chitsamba cha konkuno chomwe zipatso zake zili ndi mafuta ofunika kwa mbalame, chifukwa malo olambula mukawasiya opanda kanthu, chomwe munachotsacho chimabwerera.

Chondidetsa nkhawa ndi malire. Nkhalango zambiri za ku Ohio zili m'manja mwa anthu wamba, ndipo palibe amene angalowe pamalo a mwini n'kuyamba kudula. Aneba athu, bambo achikulire ndithu, amachikonda chitsambachi poti chimabisa nyumba yawo ku msewu ndipo maluwa ake amanunkhira mu Meyi. Sindiwaimba mlandu, anachidzala pomvera malangizo a nthawi imeneyo. Ndinawatengera ku malo anga kuti aone okha timitengo tija, ndinawauzanso za pulogalamu ya boma ya EQIP yomwe imathandiza eni minda ndi nkhalango pa ndalama zochotsera zomera zotere. Avomera kuti tiyambe ndi mbali ya kumtsinje, ine ndibweretse sowo, iwo aphike khofi.

Mundiuze ngati lantana uja wa kumunda kwa amalume munathana naye, komanso ngati mvula yayamba. Mupereke moni kwa onse kunyumba.

Ine mnzanu wa ku Ohio