Lipoti langa la msonkhano wa ku Livingstone

Anzanga osindikiza ndi olemba zikwangwani, ndafika dzulo usiku. Malisiti a basi ndi a loji ali kale kwa a msungichuma, ndiye aja ankanong'ona kuti ndapita kukaona mathithi pa alawansi ya gulu apite akawerenge okha. M'mawa wa tsiku loyamba anali malonje ndi kuyamikirana basi, palibe chokuuzani.

Chandigwira mtima ndi nkhani ya Kit Yamoyo. A bungwe lachifundo la ColaLife anapanga paketi yosongoka kunsi kuti izilowa m'mipata ya mabotolo a Coca-Cola mu kreti, mankhwala a ana otsekula m'mimba azifika kulikonse komwe zakumwa zimafika. Mkati munali ORS (ufa wa mchere ndi shuga wosungunula m'madzi wobwezeretsa madzi m'thupi), zinc ndi kasopo. Anaiyesa ku Katete ndi ku Kalomo kuyambira 2012, mu 2013 mpaka inawina mphoto ya dizaini ku London. Koma manje imvani, ogulitsa ochepa okha ndi amene ankaiika m'makretimo, ndipo eni ake sanachite makani, anasiya shepu yowina mphotoyo. Chomwe chinathandiza amayi n'choti paketi yomweyo inali choyezera madzi, ORS ali m'timasacheti tating'ono ta 200ml, osati kuvutika kuganiza kuti lita ndi madzi ochuluka bwanji mwana ali lefu pamphasa. Paketi yakaleyo anaiyendetsa muholo, ndinaigwira, kamzere ka madzi kakuoneka bwinobwino ngakhale kwa munthu amene sanapiteko kusukulu.

Ine pamenepo ndinakumbuka maposita a kolera tinasindikiza mu Januwale 2024 aja, odwala atadzaza ku Heroes Stadium ku Lusaka. Chizungu chokhachokha, mawu thoo ngati nyuzipepala, kukamata ku Kanyama. Ndinanena kuti tiikepo zithunzi ndi Chinyanja, munandiyankha kuti kasitomala wafuna choncho, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Kumsonkhanoko atichenjezanso za mtanda wofiira. Ndi chizindikiro chotetezedwa ndi mapangano a Geneva a 1949, si chopenta pa shopu ya mankhwala iliyonse, pentani wobiriwira. Zolengeza mankhwala amayang'anira ndi a ZAMRA, bungwe la boma loona za mankhwala, ndiye aja olandira ntchito za mankhwala ochiza matenda onse samalani. Gawo la kubhuka ndalama ndinakhalapo, linali lotopetsa.

Chomwe tagwirizana kumapeto n'choti magulu achepetse mabana a PVC, tizilimbikitsa makasitomala nsalu ndi mapepala. Ndakweza dzanja, koma kunena zoona amene anabweretsa mfundoyi sanayambe atsutsanapo mtengo ndi kasitomala wa ku Kamwala. Nsalu ndi yodula, mvula ikaimenya imasuluka, munthu amangopita pa shopu ina. Mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 30 analetsedwa ndi lamulo la boma la SI 65 la 2018, koma kayang'aneni m'ngalande mvula ikagwa. Ine maganizo anga, mabana akale tizitolera tokha tisoke zikwama m'malo moti akathere kumtaya wa zinyalala ku Chunga, paja amayi a kumsika wa Soweto amafolera kale matebulo awo ndi omwewo, ndi olimba.

Koma zimenezi zikufuna makina osokera, ndipo ndi pomwe ndikufunsa, a tcheyamani, ndalama tinasonkha chaka chatha za invata zija zili kuti? Malaiti akapita timangokhala manja lende, invata sitinaione, lipoti lake sitinalimve. Ine malisiti anga ndaonetsa. Loweruka mubwere ndi buku la ndalama, zithunzi za paketi ija ndikuonetsani pa foni.