Kalata yochokera ku Leeds, ya Amayi ndi achimwene

Amayi,

Moni nonse pakhomopo, azakhali ndi ana omwe. Kuno tili bwino, kungoti chisanu chayamba, pofika 4 koloko madzulo kunja kumakhala kutada kale. Talandira Lachisanu. Ndatumiza K300,000 pa Mpamba yanu, osati ya achimwene, ndipo kalatayi awerenge okha mokweza inu muli pomwepo.

Kusukulu ya mdzukulu wanu anandiitana. Kuno mwana sabwezedwa kalasi chifukwa chosadziwa Chingerezi, amangoona zaka: wa zaka 9 kupita 10 ndi wa Year 5, basi. Ana ngati iyeyu amawatcha a EAL, kutanthauza ana amene Chingerezi si chiyankhulo chawo choyamba, ndipo alibe kalasi yawoyawo, amaphunzira limodzi ndi anzawo obadwira konkuno. Atangofika anamuyesa. Pa makwerero awo asanu, A mpaka E, iye anagwera pa A, ya mwana amene akuyamba kumene. Pa A, Amayi! Mwana amene ndinkamulipirira patitayimu mwezi ndi mwezi ndisanamutenge!

Nditamufunsa bwinobwino usiku, akuti ankapitako poyamba pokha, kenako amalume ake anati aphunzitsi aja asamuka. Achimwene, ngati anasamuka, ndalama zija munkapereka kwa yani? Njinga yamoto ya kabaza ndinaiona pa Facebook. Sindinanene kuti mwaba, ndikungofunsa. Inetu ndalamazi ndimazipeza posambitsa nkhalamba za eni usiku wonse, msana uli waliwali.

Feteleza mugule msanga asanakwerenso, matumba akagone kuchipinda kwa Amayi.

Komabe aphunzitsi ake a kuno ndi munthu. Anamukhazika kutsogolo pafupi ndi kamnyamata kena kochokera ku Romania, kamene nakonso kanabwera kosadziwa kanthu, kuti kazimulondolera kodyera ndi kosewerera. M'khosi anamuveka timakadi ta zithunzi: kapu ya madzi, chimbudzi, dzanja lokweza. Akasowa mawu amangoloza. Phunziro la sayansi lisanayambe, wothandizira aphunzitsi amamutengera pambali pang'ono n'kumuonetsa mawu amene amve tsikulo, ndi zithunzi zake, kuti akalowa m'kalasi asakhale ngati mbuzi yomangidwa pamsika. Polemba amamuyambira chiganizo, iye n'kumaliza. Zikavuta amatsegula Google Translate pa tabuleti, poti Chichewa chilimo, ngakhale china chimatuluka chokhota moti iye amabwera akuseka.

Masabata oyamba sankayankhula n'komwe, ine mtima unali m'mwamba. Aphunzitsi akuti zimenezo n'zodziwika, mwana wachilendo amayamba wamvetsera kaye, ndipo samukakamiza kuyankha pagulu. Koma masamu, eee! Matebulo amene ankaloweza pansi pa mtengo kwathuko akumuombola. Masamu ongowerengera amamaliza anzake asanafike pakati. Amamugwetsa ndi aja olembedwa ngati nkhani, chifukwa funso lake lili m'Chingerezi. Apa ndiye pamandiwawa ndikakumbuka za patitayimu ija.

Amayi, mankhwala a BP musamadumphitse. K40,000 ndi yanu ya zimenezo ndi sopo, wina asakubwerekeni.

Achimwene munandiuza pafoni kuti ndisiye kumuyankhula Chichewa kuti Chingerezi chilowe msanga. Kusukulu akuti ayi ndithu. Akuti Chingerezi chochezera ndi anzake chimagwira pakatha zaka ngati 2, koma cha m'mabuku chimatenga zaka 5 mpaka 7, ndipo mwana wodziwa kuwerenga bwino chiyankhulo chake savutika kwambiri ndi chachiwiri. Anandiuza kuti zimene aphunzira kusukulu tizikambirana kunyumba m'Chichewa, monga za mvula ndi mitambo, kuti mutu wa nkhani aumve kaye. Ndiye ndikufuna mabuku a Chichewa a Sitandade 3 ndi 4, ndi lina la nthano. Mukasowa ku Ntcheu, wina akwere minibasi akafune ku Lilongwe. Pali mayi wa kutchalitchi kwathu kuno amene akubwera pa Khirisimasi, mudzamupatsire. Muikemonso ufa woyera ndi nyemba, mwana akuonda ndi masangweji.

Chaka chamawa alowa Year 6, ndipo mu Meyi wotsatira kuli mayeso a SATs, a boma a kumapeto kwa pulayimale. Sukulu ndi yaulere, inde, koma yunifolomu, nsapato, jekete ndi chakudya chamasana zonse n'zogula, lendi osanena. Amene akuti ndikudya ndekha abwere adzaone.

Za mlongo wake wamng'onoyo: mwayi ulipo poti viza yanga ndinatenga lamulo la pa 11 Malichi 2024 lisanatseke osamalira okalamba kubweretsa ana. Chatsala ndi ndalama ya ndege ndi nyumba yokulirapo. Sindikufuna naye adzagwere pa A. K60,000 ndi ya patitayimu yake. Amayi mukapereke nokha m'manja mwa aphunzitsi, alembe pakapepala n'kusaina, azakhali ajambule anditumizire pa WhatsApp. Loweruka lililonse ndiziimba vidiyo, aziwerenga ndikumva, tsamba la Chichewa ndi la Chingerezi.

Kodi mvula yagwa? Mango a kuseri kwa khola aja apsa? Mdzukulu wanu akufunsa ngati ngumbi zatuluka.

Achimwene, yankho la njinga ija ndilimve mwezi usanathe, apo ayi ya Disembala sindituma.

Ndine mwana wanu.