Kwa mwana wanga wa pa sitima yapamadzi

Mwana wanga,

Uthenga wako wa mawu uja amayi ako anandimvetsera Lachitatu usiku, m'mawa mwake ndinakaumveranso ndekha kudimba. Ukuti sukudwala, koma mawu ako ndi a munthu wotopa mpaka m'mafupa. Kontirakiti ino ndi yachisanu, ndipo ukadzuka m'kachipinda kopanda zenera kaja sudziwanso ngati sitima yaima padoko la ku Nassau kapena la ku Cozumel, poti konseko kwa iwe ndi kuyala mabedi ndi kutsuka mabafa a alendo. Ukufuna kusiya, koma sukuona kolowera. Ndasankha kulemba chifukwa intaneti ya pa sitimayo imadula nkhani pakati, ndipo ine pafoni ndimazungulira.

Ndiyambe ndi kuulula. Chingwe chimene chakumanga pa sitimayo tinachipota ndife. Malata a nyumba ino, fizi ya mng'ono wako, feteleza wa zaka zinayi, mankhwala a BP a amayi ako, ngakhale bokosi la azakhali ako, zonsezi zinatuluka m'manja mwako. Tinazolowera. Mwezi ukatha foni imalira, ife n'kumati mwana watikumbukira, osafunsa n'komwe kuti wagona maola angati. Pamenepa ndinalakwa, ndipo ndine woyenera kudziwa bwino kuposa wina aliyense m'mudzi muno.

Pajatu nanenso ndinayendapo ulendo wotere. Ndinapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, mu 1984. Ulendo uliwonse ndinkauza agogo ako kuti uno ndi womaliza. Woyamba unali wa njinga ndi wailesi, wachiwiri wa malata, wachitatu sindikumbukanso kuti unali wa chiyani, ndinangopita chifukwa kwathu kunali kutayamba kundichititsa chilendo. Sindinabwerere mwa nzeru zanga ayi. Mu 1988 kulemba Amalawi kunaima, basi tinapezeka tili pakhomo. Ndinafika ndi sutikesi, mabulangete ndi jekete lonyaditsa, koma mutu wopanda pulani, ndipo chimanga chisanache ndalama zinali zitatha. Anzanga ena anatchona, sitinamvenso za iwo. Choncho ndikamamva iwe ukuti "mwina kontirakiti imodzi yokha", mawuwo ndimawadziwa kukoma kwake ndi bodza lake.

Yatsala pa kontirakiti ino ndi miyezi itatu. Ngati thupi likulola, imalize. Wotsika pakati kawirikawiri amadzilipirira yekha tikiti ya ndege, ndipo mbiri yake imadetsedwa kwa olemba ntchito. Komanso nkhani yaikulu chonchi sagamula munthu amene wagona maola asanu. Koma ngati msana uja wafika poipa, pita kwa dokotala wa pa sitima ndipo zilembedwe. Ukukumbuka mu 2020, sitima zitaimitsidwa mwezi wa Malichi chifukwa cha Covid, iwe uli pamadzi osadziwa tsiku lotsika? Unandiwerengera wekha malamulo a Maritime Labour Convention a 2006, akuti wantchito wa panyanja apume maola osachepera 10 pa tsiku ndi 77 pa sabata, ndiponso asafike miyezi 12 ali pa sitima osapatsidwa mwayi wobwerera kwawo. Malamulowo sanafe. Usasainire maola opuma amene sunapume pofuna kusangalatsa kapitawo.

Za kuno sindikunamiza. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chiyambire pamenepo mitengo m'golosale sikhalitsa. Ntchito imene ukuidziwa ilipo m'mahotela a ku Mangochi, ku Senga Bay ndi ku Lilongwe, ndipo munthu amene wasamalira alendo a mitundu yonse zaka zisanu sangasowe pogwira, koma malipiro ake ukawaona tsiku loyamba udzaseka, kenako udzakhala chete. Anthu adzanong'onezana kuti wachotsedwa ntchito. Abale amene amakuimbira sabata iliyonse adzataya nambala yako. Zimenezo zisakudabwitse, nanenso zinandionekera.

Tsono ndagwirizana ndi amayi ako chonchi. Kuyambira mwezi uno utumize ya mankhwala okha. Mng'ono wako watsala ndi teremu imodzi, ndagulitsa mbuzi zinayi, imeneyo yatha. Feteleza ndi nkhani yanga, munda ndi wanga. Zotsalazo sunga, ndipo ngati kungatheke zikhale m'madola mpaka utadziwa chochita nazo. Msuweni wako akabweranso ndi nkhani ya minibasi, umuuze kuti afunse ine. Minibasi imene mwini wake ali pakati pa nyanja imadyetsa dalaivala ndi kondakitala.

Mapepala ako usawalekerere, ngakhale mtima utati sudzakweranso sitima. Satifiketi ya STCW, ya maphunziro a antchito a panyanja, imafuna kukonzanso pakatha zaka zisanu, ya chipatala sipitirira zaka ziwiri, nayonso viza ya C1/D, ya ku America ya antchito a pa sitima, ili ndi tsiku lake lothera. Unavutika kuti uzipeze. Zikakhala zamoyo, udzakhala kumtunda kuno chifukwa wafuna, osati chifukwa khomo latsekeka monga linanditsekekera ine.

Ukatsika, bwera kuno kaye, usayambe wathamangira m'tauni kukasaka ntchito. Ugone mwezi wathunthu, udye nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, mapazi aiwale kugwedezeka kwa sitima. Mwezi wachiwiri tidzakhale pakhonde ndi kope ndi cholembera, tiwerenge zimene uli nazo ndi zimene moyo wa kuno umadya pa mwezi. Ukadzaona kuti n'kofunika kubwererako kamodzi, sindidzakuletsa, koma udzalembe m'kopemo ndalama imene ukukafuna ndi tsiku lotsika, ine ndidzasunge. Ukadzati basi kwatha, ndidzapha tambala.

Za banja sindinenapo kanthu, amayi ako anena kale zokwanira tonse awiri.

Chipinda chako muli matumba a chimanga, ndiwachotsa sabata yamawa. Undiuze msanga ngati udzatsikira ku Chileka kapena ku Lumbadzi, kuti ndipangane ndi wagalimoto.

Ndine bambo ako.