Mayi uja sanazungulire dziko mwamwayi, boti lake linakonzedwa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa kalata ya bambo wa ku Katete imene munasindikiza posachedwapa, yonena za Kirsten Neuschäfer, mayi wa ku South Africa amene anazungulira dziko lonse ali yekha m'boti loyendera mphepo. Bamboyo anati zimenezi ndi misala ya anthu okhuta, n'kuyesa Mulungu, ndipo mayiyo anangopulumuka mwamwayi. Anatsekera ndi mwambi woti mutu umodzi susenza denga. Za kukhuta sinditsutsa, wanjala sagula boti. Koma za mwayi ndakana. Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri pamalo okonzera maboti ku Durban ndisanabwerere kuno kumudzi kudzawotcherera mageti ndi ngolo, ndipo mwayi umenewo ndikudziwa kumene umapangidwira. Umapangidwira pamtunda, boti litakhazikidwa pa zitsulo, munthu atagona chagada pansi pake fumbi likumugwera m'maso.

Mpikisano umene mayiyu anapambana umatchedwa Golden Globe Race. Pa 4 Sepitembala 2022 ananyamuka anthu 16 padoko la Les Sables-d'Olonne ku France, aliyense m'boti lake, ndipo amene anabwerera osakocheza pena paliponse anali atatu okha. Iye anafika woyamba mwa atatuwo pa 27 Epulo 2023, atatha masiku 235 pamadzi. Malamulo ake salola GPS, njira umaipeza poyeza dzuwa ndi nyenyezi ndi kachipangizo kotchedwa sextant. Boti lake, Minnehaha, ndi la mamita 11 basi, ndipo silinali latsopano. Chimene bambo wa ku Katete sanachione n'chakuti mayiyu anakhala pafupifupi chaka chathunthu ku Prince Edward Island, m'dziko la Canada, akuliphwasula ndi kulimanganso pamodzi ndi amisiri a kumeneko. Denga lija linasenzedwa ndi mitu yambiri ndithu, kungoti linasenzedwa ulendo usanayambe.

Ntchito imeneyi sindinaionepo italembedwa m'chinenero chathu, ndiye ndipirireni ndiifotokoze.

Kunabwera kwa ife bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, atagula kaboti kakale ka faiba ka mamita 9. Ankafuna kukachokera ku Cape Town, kudzera pa chilumba cha St Helena, mpaka ku Brazil, yekhayekha. Anabwera ndi mndandanda wa zimene ankafuna: penti yatsopano, wailesi yoimba nyimbo, firiji. Kapitawo wathu anaupinda n'kuuika m'thumba la ovolosi, nati tiyamba ndi mabowo.

Boti lotere limakhala ndi mabowo kunsi, obooledwa dala: lolowera madzi oziziritsa injini, lotulukira za kuchimbudzi, la pasinki. Pa bowo lililonse pamakhala mpopi wachitsulo wotsegula ndi kutseka. Ine ndinapatsidwa mpeni kuti ndipale mpopi uliwonse. Chitsulo chabwino ukachipala chimawala mwachikasu. Wina nditaupala unaoneka wofiirira motuwa, kutanthauza kuti madzi amchere anali atadya zinki yense m'kati mwake, kwangotsala chitsulo chofumbwa. Kapitawo anaugogoda kamodzi ndi hamala, osati mwamphamvunso ayi, mpopi n'kuthyokera m'manja mwake. Kunja unkaoneka bwinobwino. Bowo lake linali lokwana chala chachikulu cha kuphazi, ndipo bowo lotero likakhala pansi pa madzi limalowetsa madzi ochuluka kuposa amene munthu mmodzi angathe kupopa. Aphunzitsi aja anangokhala pansi pa chitini cha penti, za firiji sanazitchulenso. Tinasintha mipopi yonse, paipi iliyonse tinaimanga ndi zomangira ziwiri, ndipo pambali pa bowo lililonse tinamangirira kachipika kosongoka ka mtengo wofewa, koti zikavuta usiku ungopapasa n'kukhomerapo. Mtengo ukanyowa umafufuma n'kutseka wokha.

Titachoka kunsi tinakwera pamwamba. Pamene munthu amapondapo, maboti ambiri a faiba amakhala ndi faiba pamwamba, faiba pansi, mtengo wopepuka pakati. Madzi akalowera pa bawuti amawoletsa mtengowo mosaonekera. Ndiye umayenda chokwawa ukugogoda pang'onopang'ono, mmene amayi amagogodera mbiya pa msika wa Kapata asanamasule mfundo ya ndalama: pabwino pamalira ngwe, powola pamati phu. Pamene pati phu umalembapo ndi choko, umadula, umakumba zowola zakuda zonunkha, n'kumata zatsopano. Fumbi la faiba limalowa pakhungu, usiku umagona ukudzikanda, ndipo amene amagwira ntchito imeneyi mayina awo simudzawawerenga m'nyuzipepala.

Ndalama zambiri zinathera pa mlongoti. Umaimitsidwa ndi mawaya a stainless kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Waya mmodzi akaduka mlongoti wonse umagwa, ndipo ukagwera m'madzi mafunde amaumenyetsa pa boti mpaka ungaliboole. Chitsulo cha stainless n'chachinyengo. Poyera chimanyezimira, koma pobisika, ponyowa popanda mpweya, chimang'aluka mwakachetechete. N'chifukwa chake amisiri amati mawaya akakwanitsa zaka 10 asinthidwe ngakhale akuoneka abwino, ndipo zitsulo zimene mawayawo amangidwako zizulidwe kuti uone mbali yobisikayo. Pa boti la aphunzitsi chimodzi chinali ndi mng'alu woti sungauone popanda galasi, pamalo penipeni pamene chimalowera m'kati. Chiwongolero nachonso tinachitsitsa, n'kupanganso china chosungira.

Kukonzera munthu mmodzi kumasiyana ndi kukonzera gulu. Pa chinthu chilichonse umadzifunsa: kodi munthu wotopa, wonyowa, usiku wa mdima, boti litapendekeka, dzanja limodzi atagwirira, angachite zimenezi ndi dzanja linalo? Zingwe zochepetsera matanga tinazikokera kumbuyo kumene amakhala, kuti namondwe akabwera asamayendeyende pamwamba. Tinayala malamba kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo oti azidzikolekako, pakuti wayekha akagwera m'madzi boti silimudikira, limangopita. Mapampu amanja tinaika awiri, zogwirira zake tinazimangirira ndi kachingwe kuti funde lisazitenge. Ngakhale zitini za chakudya timazichotsa mapepala n'kulembapo ndi penti, chifukwa mapepala akanyowa amamatuka n'kukatseka pampu. Madzi akumwa ena amapita m'thanki, ena m'zigubu, kuti thanki ikabooka kapena ikalowa mchere munthu asafe ndi ludzu pakati pa madzi.

Chimene chimandisangalatsa mpaka lero ndi chiwongolero choyendera mphepo. Munthu sangagwire chiwongolero usana ndi usiku kwa milungu yambiri. Ndiye kumbuyo kwa boti kumaikidwa kathabwa kopyapyala koimirira mumphepo. Boti likapatuka panjira, mphepo imagwetsera kathabwako mbali imodzi, iko n'kupotoza kankhafi kali m'madzi, madzi othamanga n'kukankhira kankhafiko pambali mwamphamvu, nako n'kukoka zingwe zopita ku chiwongolero, boti n'kubwerera m'njira. Palibe batire, palibe mafuta. Chikathyoka umachikonza ndi sipanala ndi chingwe. Anyamata athu okonza njinga m'mbali mwa msewu wa Lundazi atachiona kamodzi, ndikulumbira kuti angachipange ndi zotsala za njinga. Ndi chimenechi chimapatsa woyenda yekha mpata wogona, ngakhale kuti kufupi ndi njira za sitima zikuluzikulu amagona mphindi 20 zokha n'kudzuka kusuzumira, poti sitima imene sinkaoneka n'komwe ingamupeze m'nthawi yomweyo.

Aphunzitsi aja mayeso awo oyamba anali pafupi pomwepo. Pakati pa Durban ndi East London palibe doko lothawirapo, ndipo madzi othamanga a Agulhas akakumana ndi mphepo yochokera kum'mwera chakumadzulo amautsa mafunde amene amawononga ngakhale sitima zazikulu. Anadikira nyengo yabwino, anadutsa. Patapita miyezi tinalandira khadi lochokera ku Brazil, kapitawo n'kulikhoma pakhoma la sitolo ya zida.

Izi sizinayambe lero. Joshua Slocum, munthu woyamba kuzungulira dziko ali yekha, anapatsidwa boti lakale lotchedwa Spray litatayidwa pamtunda ku Fairhaven, ku America. Anatha miyezi 13 akulimanganso ndi manja ake, mitengo ina akudula yekha, asananyamuke mu 1895. Anabwerera mu 1898. Robin Knox-Johnston, woyamba kuchita zimenezi osaima, anatha masiku 312 pamadzi kuyambira mu Juni 1968 mpaka Epulo 1969, ndipo pa anthu 9 amene ananyamuka mu mpikisano wa nthawi imeneyo anamaliza yekha. Boti lake, Suhaili, linali lamatabwa, lokhomedwa ku Bombay. Litayamba kuchucha pakati pa nyanja analowa m'madzi yekha kukamata kunsi kwake, chifukwa ankalidziwa thabwa ndi thabwa.

Bambo wa ku Katete angandifunse kuti nanga onse okonzekera amafika? Ayi. Tsoka silinunkha. Mu mpikisano womwewo wa 2022 munali Tapio Lehtinen wa ku Finland, munthu wodziwa nyanja, amene boti lake Asteria linali litakonzedwa mosamala kwambiri. Mu Novembala, m'nyanja ya Indian Ocean kum'mwera chakum'mawa kwa South Africa, madzi analowa chakumbuyo ndipo linamira m'mphindi zochepa. Koma taonani chimene chinachitika. Kaboti kopopa kopulumukira kanali pamalo pogwirika msanga. Chovala choteteza kuzizira chinali pafupi, kachikwama ka zangozi kanali kolongedza kale, ndipo anatha kuuza anthu kumtunda pamene anali. Amene anamupeza tsiku lotsatira ndi mayi Neuschäfer yemweyo, amene anapatuka panjira yake makilomita oposa 150, n'kumukweza m'boti lake, kenaka n'kumupereka ku sitima yonyamula katundu. Boti linatayika, munthu anabwerera kwawo, chifukwa ngakhale kumirako anali atakukonzekera.

Tsono mwina mukudabwa kuti ine wa ku Chipata, kumene madzi athu aakulu ndi damu la Lutembwe, ndavutikiranji ndi za nyanja yamchere. Chandiwawa n'chakuti maganizo a m'kalata ija ndi omwewo timakhala nawo pa mitsinje yathu. Wowoloka bwino timati ali ndi mwayi, womira timati linali tsiku lake, ndipo palibe amene amafunsa kuti bwatolo linatembenuzidwa liti kuti lionedwe kunsi. Pitani kuchigwa, ku Mambwe kapena ku Chama, Luangwa ikadzaza mu Januwale ndi Febuluwale. Ine ndinakwerapo bwato limene mng'alu wake unali wotsekedwa ndi sanza ndi pepala la shuga, nkhafi imodzi yokha, njinga ziwiri, matumba a chimanga, amayi obereka ana, madzi atatsala pang'ono kufika pamilomo ya bwato. Mtsikana wina ankakapa madzi ndi patapata. Wopalasa anali katswiri, sindimunyoza. Amadziwa pamene madzi amazungulira, amadziwa dziwe la mvuu. Luso lilipo lambiri. Chimene chimasowa ndi tsiku limodzi mu Okutobala, mtsinje utaphwa, loti bwato likokeredwe pamchenga, litembenuzidwe, lipalidwe, paliponse pokayikitsa pabayidwe ndi nsonga ya mpeni, pofewa padulidwe n'kumatidwa. Chokapira cha chigubu chodula chimangiriridwe ndi chingwe. Nkhafi yachiwiri ikhalemo. Palembedwe mzere wa penti m'mbali, ndipo madzi akaufika pasakwerenso munthu, ngakhale akhale a nduna kapena apongozi. Zonsezi mtengo wake sufika pa thumba limodzi la feteleza.

Chimodzimodzi magulu a kwaya ndi ana a sukulu amene amadutsa pa Mwami kupita kukaona nyanja ku Senga Bay. Aphunzitsi ndi akulu a mpingo, musanakweze ana m'boti, werengani majekete oyandamitsa, suzumirani pansi pa matabwa muone ngati muli madzi, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi mwera ukayamba kuwomba mverani asodzi akakuuzani kuti lero ayi.

Kwa amene ali ndi maboti a faiba osweka kuchigwa kuja, mankhwala ake ndi nsalu yake ndi zomwezo amamatira mabampala a galimoto, ndipo zimapezeka m'masitolo a zida za galimoto. Chinsinsi chake n'kuumitsa bwino pamalopo, kupala mosendeza mpaka patali ndi mng'alu, ndi kumata nsalu zingapo mosanjikiza, osati chigamba chimodzi chokhuthala. Ndine wokonzeka kuonetsa aliyense kwaulere mvula isanagwe. A Mkonzi, keyala yanga ndakusiyirani. Wobwera abwere ndi magolovesi ndi malaya a manja aatali oti sadzawavalanso kutchalitchi.

Ine wanu,
Mmisiri wowotcherera,
Kapata, Chipata