Zizindikiro za makanema a m'zigawo ku Britain zinapita ndi zambiri

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa kanthu kamene ambiri sakalabadira: chizindikiro chimene wailesi ya kanema imaonetsa pulogalamu isanayambe, kapena chija chimakhala pakona pa sikirini. Ndimakhala ku Leeds, kumpoto kwa England, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Kuno zizindikirozi zili ndi mbiri yaitali, ndipo ndikuona kuti eni mawailesi a kanema kwathu ku Malawi angatolepo kanthu madzi asanafike m'khosi.

Pamene ITV, wailesi ya kanema ya kuno yodalira otsatsa malonda, inkayamba mu 1955 sinali kampani imodzi ayi. Dziko analigawa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chinali ndi kampani yakeyake, yokhala ndi nyumba yojambuliramo, atolankhani ake ndi chizindikiro chake. Ku Manchester kunali Granada, imene inayamba mu 1956, ndipo anthu anadzaizolowera ndi chilembo G chokhala ndi muvi woloza m'mwamba, kutanthauza kumpoto. Ku London, kuyambira 1968, Thames inkaonetsa nyumba zotchuka za mumzindawo, monga tchalitchi cha St Paul's ndi mlatho wa Tower Bridge, zithunzithunzi zake zikuoneka m'madzi a mtsinje. Cha Anglia ku Norwich ndiye chinali chokoma m'maso: kachifanizo kasiliva ka msilikali wamakedzana ali pa kavalo, atanyamula kambendera kolembedwa dzina la wailesiyo, kakuzungulira pang'onopang'ono nyimbo ikulira. Kanakhalapo kuyambira 1959 mpaka 1988, ndipo ana obadwa kakuzungulira anakula mpaka kubereka awo kakadazungulirabe.

Kuno ku Leeds, Yorkshire Television inatsegulidwa mu July 1968 pa msewu wa Kirkstall. Chizindikiro chake chinali chachikasu, chooneka ngati chilembo V chonenepa mbali imodzi, ndipo chinkabwera ndi kanyimbo kakafupi kotengedwa ku nyimbo yakale ya anthu a chigawochi. Agogo ena amene ndimawasamalira anayamba kuiwalaiwala, moti nthawi zina tsiku limawasokonekera. Koma ikakwana 6 koloko madzulo amaloza kanema n'kunena kuti, "Mwanawe, tanditsegulira Yorkshire." Dzinalo linachoka pa sikirini kalekale. Ndikawatsegulira ITV, nkhani za chigawo chino zotchedwa Calendar zikamayamba, amang'ung'udza kanyimbo kaja osaphonyako, chikhalirecho sikanalire.

Chimene chinkapatsa zizindikirozi mphamvu n'chakuti sizinkathera m'chigawo mwawo. Pulogalamu yopangidwa ku Leeds ikamaonetsedwa dziko lonse inkapita ndi chizindikiro cha ku Leeds, ndipo munthu wa ku London ankadziwa kuti sewero la Emmerdale lachokera ku Yorkshire, la Coronation Street lachokera ku Manchester. Zinali ngati chidindo cha amfumu pa kalata: ukachiona umadziwa kumene kalatayo yachokera komanso woti n'kumufunsa zikalakwika. Wachinyamata wa ku Bradford wofuna kukhala wojambula kapena mtolankhani ankaona ndi maso ake usiku uliwonse kuti ntchitoyo ikugwiridwa pafupi ndi kwawo, osati kulikulu kokha.

Kuti anthu ankazikonda zinaonekera ku Newcastle. Mu 1996 akuluakulu anasintha dzina ndi chizindikiro cha kampani ya chigawocho ya Tyne Tees n'kuika Channel 3 North East. Oonera sanachilandire, anapitiriza kutchula dzina lakale, ndipo mu 1998 Tyne Tees inabwerera pa sikirini.

Koma mphepo inali itatembenuka kale. Lamulo la zoulutsa mawu la 1990 linachititsa kuti ziphaso za zigawo azipikisanirana ndi ndalama. Thames inaluza, ndipo Carlton inalowa m'malo mwake pa 1 January 1993. Kenako makampani anayamba kumezana, akuluakulu kugula ang'onoang'ono, mpaka ku England ndi Wales kunatsala eni awiri okha, Granada ndi Carlton. Pa 28 October 2002 anachotsa mayina a zigawo pa mapulogalamu a dziko lonse n'kuika chizindikiro chimodzi cha ITV1, ndipo mu 2004 makampani awiriwo anaphatikizana kukhala amodzi. Ku Scotland dzina la STV lilipobe mpaka lero chifukwa kampaniyo ndi yoima payokha.

Eni ake anali ndi zifukwa zawo, ndipo sindikuzipeputsa. Makanema a pa dishi anali atachuluka, ndalama za otsatsa malonda zinkagawikana, ndipo kukhala ndi muulutsi mmodzi ku London n'kotchipa kusiyana ndi kulipira aulutsi mumzinda uliwonse. Vuto ndi lakuti dzina likangochoka pa sikirini, kuchotsa zotsalazo kumaphweka, chifukwa oonera sakhalanso ndi chogwira n'kunena kuti ichi n'chathu. Mu 2009 zigawo zokonza nkhani anazichepetsa kuchoka pa 17 kufika pa 9. Anthu a ku Carlisle ndi kummwera kwa Scotland, amene anali ndi Border Television yawoyawo kuyambira 1961, anayamba kulandira nkhani zokonzedwa ku Gateshead, tsidya lina la dziko, pamodzi ndi za anthu a ku Tyne Tees. Anadandaula kwambiri, ndipo pulogalamu yawo yathunthu inadzabwerera mu 2013. Masiku ano chotsala m'zigawo makamaka ndi nkhani ndi zanyengo basi.

Ndalemba zonsezi chifukwa kwathu makanema akuchuluka. Tinayamba ndi TVM yokha mu 1999, dzina limene linatha itaphatikizidwa ndi MBC. Lero tili ndi ambiri, koma ochuluka ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo ngati Luntha ya ku Balaka ndi owerengeka. Pa wailesi zomvera tinadziwa kale kukoma kwa dzina la kwanu: Dzimwe ku Mangochi, komanso mawailesi a ku Nkhotakota ndi Mzimba, anthu amawamva kuti ndi awo. Kanema wa m'zigawo akadzakula kwathu, monga mmene ndikufunira, adzafunika mzimu womwewo.

Ndiye pempho langa kwa amene akutsegula mawailesi a kanema ndi lakuti chizindikiro chanu chizinena kumene muli. Musangotola pa intaneti kampira ka dziko lapansi kozungulira, kamene kangakhale ka wailesi iliyonse kulikonse. Wa ku Mulanje ali ndi phiri, wa ku Nkhata Bay ali ndi nyanja ndi bwato, wa ku Mzuzu ali ndi nkhalango ya Chikangawa pakhomo pake. Kanyimbo kake kachokere ku ng'oma za komweko, kaya ndi malipenga, tchopa kapena vimbuza. Mukachisankha chisungeni, osamachisintha nthawi iliyonse kukabwera bwana watsopano, pakuti zimatenga zaka kuti chikhazikike m'mitima ya anthu. Ndipo pulogalamu ikajambulidwa ku Karonga kapena ku Nsanje, kumapeto kwake kuzilembedwa zimenezo, ngakhale ikuulutsidwa kuchokera ku Blantyre. A MACRA nawonso popereka ziphaso azifunsa kuti wopemphayo adzajambula zingati kunja kwa mizinda ikuluikulu.

Kuno zizindikiro zakale zimaonekabe pa YouTube chifukwa anthu wamba anazijambula pa matepi a vidiyo m'nyumba zawo n'kuwasunga. Ngati alipo wowerenga amene ali ndi tepi ya masiku oyambirira a TVM, yokhala ndi chizindikiro ndi kanyimbo kake, chonde asaitaye. Aisamutsire pa kompyuta isanachite nkhungu, ndipo kope limodzi alipereke ku National Archives ku Zomba.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Leeds, England